Chitsulo Chosunga Moto Sachinenerera Mtengo

Amalonda a muno mu Soweto, amisiri ndi achinyamata amene mwachokera ku Kabwata, ku Chelstone, ku Woodlands ndi ku Kabulonga, nkhani iyi ambiri amaikamba monong'ona. Pali funso limene layamba kumveka pakati pa anyamata okonda kusaka nyama ndi masewera owombera chandamale, ndipo lafika kuno kudzera m'mafoni. Pa YouTube ndi pa Facebook munthu amaona bambo wa ku Texas atayala zitsulo patebulo, akulumikiza yekha mfuti ya mtundu wa AR-15, uku akulangiza owonera za mpope wotchipa ndi chogwirira chotchipa. Mnyamata wa mu Lusaka, amene wakula akuona minibasi yakufa ikuuka ndi masipeya a ku Soweto, amadzifunsa kuti, nanga ine chingandikanike n'chiyani? Yankho langa ndi lakuti funso la zipangizo zotchipa za mfuti imeneyi lidabadwira kudziko lina, lidaleredwa ndi malamulo ndi mafakitale a kumeneko, ndipo likawoloka nyanja kufika kuno limasanduka msampha. Sindikunena kuti munthu wa ndalama zochepa asakhale ndi mfuti yovomerezeka. Pa mfuti pali malo amene munthu angapulumutsepo ndalama, ndipo palinso malo amene wonenerera mtengo amakhala akunenerera maso ake ndi ufulu wake. Mbali yakumtunda ya mfutiyi, imene eni ake amaitcha upper receiver, ndiyo malo oterowo.

Tiidziwe kaye mfutiyo. M'zaka za m'ma 1950 kampani yaing'ono ya ArmaLite, ya ku California, idapanga mfuti ya AR-10 motsogozedwa ndi injiniya Eugene Stoner, ndipo kenaka idaichepetsa n'kukhala AR-15. Mu 1959 kampaniyo idagulitsa luso limeneli kwa Colt, asilikali a America adaitenga n'kuitcha M16, ndipo m'zaka za m'ma 1960 Colt idayamba kugulitsa kwa anthu wamba mtundu umene umatulutsa chipolopolo chimodzi munthu akakoka kamodzi. Mfutiyi imagawika pawiri, ndipo magawo awiriwo amagwirana ndi timisomali tiwiri tokha. Gawo lam'munsi lili ndi chokokera, polowera magazini ndi chotsamiritsa paphewa. Gawo lakumtunda lili ndi mpope, zoyang'anira chandamale, ndi chitsulo chotsekera kumbuyo kwa chipolopolo, chimene amachitcha bolt. Nzeru ya Stoner idagona pakuti chotsekeracho chimaluma mwachindunji m'chitsulo cha kumbuyo kwa mpope, kotero kuti thupi la mfuti silinyamula mphamvu ya kuphulika ndipo lingapangidwe ndi aluminiyamu wopepuka. N'chifukwa chake mfutiyi imapepuka m'manja, ndipo n'chifukwa chakenso magawo ake amasinthika mosavuta. Koma tanthauzo lake lina ndi lakuti moto wonse wa mfutiyi umasungidwa ndi zitsulo ziwiri zazing'ono, ndipo zonse ziwiri zili m'gawo lakumtunda lomwelo limene mavidiyo aja amati ligulidwe motchipa.

Moto umenewo si wamasewera. Bungwe la opanga mfuti ndi zipolopolo ku America lotchedwa SAAMI, limene lidakhazikitsidwa mu 1926, lidaika malire a mphamvu ya chipolopolo cha .223 Remington pa 55,000 psi. Inu amene mumapopa matayala mumadziwa kuti tayala la galimoto yaing'ono limalandira mpweya wa 30 psi ndi pang'ono. Ndiye kuti m'kachipinda kamene chipolopolo chimaphulikira mumakhala mphamvu yoposa ya m'tayala maulendo opitirira 1,500, ndipo kachipindako kamakhala pafupi kwenikweni ndi tsaya ndi diso la wowombayo. Sipeya ya gong'a pa minibasi kawirikawiri imayamba ndi kulira, kugwedera kapena kudontha mafuta, dalaivala n'kuima pambali pa Lumumba Road kuti makaniko aione. Chotsekera cha gong'a sichichenjeza munthu. Mpata wa pakati pa nkhope ya chotsekera ndi pamene khoko la chipolopolo limatsamira umayezedwa ndi tizigawo ting'onoting'ono ta milimita imodzi, ndipo ukangokula pang'ono khoko lija limang'ambika, mpweya wotentha ndi tizidutswa ta mkuwa n'kubwerera kumaso. Palinso nkhani ya zipolopolo ziwiri zimene diso silingazisiyanitse, cha .223 Remington ndi cha asilikali cha 5.56 NATO. SAAMI imachenjeza poyera kuti chachiwiricho chisaomberedwe mu mpope wopangidwira choyambacho, chifukwa mphamvu yake ingapitirire muyeso. Munthu wogula mpope wopanda chizindikiro chodalirika sadziwa kuti wagula uti mwa iwiriyo.

Nanga zimatheka bwanji kuti ku America anthu ambirimbiri amalumikiza okha mfuti zimenezi, n'kumakambirana mitengo ya zipangizo zake poyera? Choyamba ndi lamulo. Lamulo lawo la mfuti la 1968 limawerenga ngati mfuti chigawo chimodzi chokha chimene chimalembedwa nambala, ndipo pa AR-15 chigawo chimenecho ndi cham'munsi. Mpope, chotsekera ndi gawo lonse lakumtunda, malinga ndi lamulo la boma lalikulu, munthu angaziitanitse pa intaneti n'kuzilandira pakhomo popanda laisensi. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa opanga. Zikalata zoteteza luso la Stoner kuti ena asalikopere zidatha mphamvu cha m'ma 1977, makampani ambiri adayamba kupanga zigawo za muyeso umodzi, mu 1995 asilikali adakhazikitsa muyeso umodzi wa kanjanji komangirapo magalasi oonera patali kotchedwa Picatinny, ndipo chiletso chimene boma lidaika pa mfuti zamtunduwu mu 1994 chidatha mu 2004. Dzina lakuti ndi mfuti yamakono yamasewera lidafalitsidwa cha m'ma 2009 ndi bungwe la ochita malonda a mfuti la National Shooting Sports Foundation. Pamwamba pa izi pali kukula kwa msika. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva lidayerekeza kuti mu 2017 anthu wamba ku America adali ndi mfuti pafupifupi 393 miliyoni, zochuluka kuposa anthu a m'dzikomo, pamene ku Zambia sinkafika ngakhale mfuti imodzi pa anthu 100 alionse. Kutchipa kumene mukuona pa foni kudachokera pamenepo. Wogula wa kumeneko akalandira chitsulo chokhota amachibweza, amapeza msiri wa mfuti wokhala ndi zoyezera m'tauni yake yomwe, ndipo kampani imene yamugulitsa chinthu choipa imaopa kukhoti. Mukachotsa zonsezi mumatsala ndi chitsulo chosadziwika m'phukusi.

Ndipo ngakhale kumeneko mbiri ya mfuti imeneyi ili ndi phunziro limene ogulitsa sakonda kulitchula. M16 itapita kunkhondo ya ku Vietnam m'zaka za m'ma 1960, idayamba kukanirira asilikali pakati pa nkhondo, makoko a zipolopolo n'kumatsalira mu mpope, ndipo ena adafa ali pakalikiliki kuyesa kuichotsa chotsekacho. Komiti ya nyumba ya malamulo yotsogozedwa ndi Richard Ichord idafufuza nkhaniyi mu 1967. Zina mwa zimene zidapezeka ndi zakuti akuluakulu adasintha mtundu wa wonga wa m'zipolopolo kusiyana ndi umene mfutiyo idapangidwira, kachipinda ka chipolopolo sikadakutidwe ndi chitsulo choteteza dzimbiri m'dziko lachinyezi, ndipo asilikali ambiri sadapatsidwe zotsukira kapena kuphunzitsidwa kasamalidwe kake. Taganizani bwino. Limeneli lidali boma lolemera kuposa onse, lokhala ndi mainjiniya ndi malo oyesera zida, ndipo mfutizo zidali zatsopano zochokera kufakitale imodzi. Zolakwika zochepa chabe m'dongosolo lake zidakwanira kuti mfuti iwapereke eni ake. Ngati zidatero ndi iwo, munthu wosonkhanitsa mpope wa kampani ina, chotsekera cha kampani ina ndi zipolopolo zimene wapeza mwamwayi akudalira chiyani? Lero muyeso wa asilikali a America umafuna kuti chotsekera chiyesedwe ndi chipolopolo champhamvu yoposa muyeso, kenaka chiunikidwe ndi maginito kuti ming'alu yosaoneka ndi maso ionekere. Kuyesa kotereku kumadya ndalama, ndipo ndi kumene wopanga zotchipa amayamba kudumpha, chifukwa pa chithunzi chitsulo choyesedwa ndi chosayesedwa zimawala chimodzimodzi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Maiko amene adayamba kalekale kupanga mfuti adaliona vuto limeneli, ndipo sadalisiye m'manja mwa wogula. Ku London nyumba yoyesera mipope ya mfuti idayamba mu 1637, ya ku Birmingham mu 1813, ndipo kufikira lero ku Britain n'kulakwa kugulitsa mfuti imene sidayesedwe ndi kudindidwa chizindikiro. Mu 1914 maiko angapo a ku Ulaya adapangana zolemekezerana zidindo zimenezi, ndipo bungwe lawo la C.I.P. likugwirabe ntchito. N'chifukwa chake mukatenga mfuti yakale ya .303 kapena ya Brno imene agogo ena adasiya pafamu, mumapeza tizidindo ting'onoting'ono pa mpope pafupi ndi potsekera. Kadindo kalikonse ndi umboni wakuti munthu wina, amene sadali wogulitsa, adaiwombetsa mfutiyo ndi mphamvu yoposa imene idzakumane nayo pa moyo wake wonse, ndipo idapirira. Kuno kwathu munthu wamba alibe nyumba yotere kumene angapite ndi mpope wake kuti akaupime. Woyesa woyamba wa mfuti yolumikizidwa m'galaja ya ku Chelstone amakhala mwini wake yemwe, nkhope ili pomwepo.

Tsopano tibwere ku lamulo lathu, pakuti apa ndi pamene ambiri amanamizidwa ndi mavidiyo aja. Mfuti mu Zambia zimayendetsedwa ndi Firearms Act, mutu 110 wa malamulo a dziko lino. Munthu wofuna mfuti amayamba wapempha chikalata kwa apolisi, amene amafufuza khalidwe lake, chifukwa chimene akuifunira ndi luso lake loigwiritsa ntchito. Akavomerezedwa amakatenga laisensi kukhonsolo, mfutiyo imalembedwa m'kaundula wamkulu wa mfuti, ndipo laisensiyo imakonzedwanso pakatha zaka zitatu. Chilolezocho chimakhala cha mfuti yodziwika, ya nambala yodziwika ndi kukula kwa chipolopolo kodziwika. Lamulo lathu silidatengere maganizo a ku America akuti mfuti ndi gawo lam'munsi lokha: mpope paokha limauwerenga ngati mfuti. Kupanga mfuti popanda chilolezo cha boma ndi mlandu, kulowetsa mfuti m'dziko popanda chikalata ndi mlandu, ndipo wogulitsa ayenera kukhala wolembetsedwa. Zambia sili yokha pamenepa. Mu August 2001 atsogoleri a maiko a SADC adasaina ku Blantyre pangano loyang'anira mfuti, zipolopolo ndi zipangizo zake. Pangano la dziko lonse la malonda a zida, limene lidayamba kugwira ntchito mu December 2014 ndipo Zambia idalivomereza mu 2016, lili ndi ndime yakeyake yokamba za zigawo za zida. Maiko a European Union, m'lamulo limene adalikonza mu 2017, amawerenga mpope, chotsekera, gawo lakumtunda ndi lam'munsi lomwe ngati zigawo zofunika kulembedwa ndi kulondolozedwa. Britain idaletsa mfuti zikuluzikulu zodzilowetsa zokha chipolopolo mu 1988, kutsatira kuphedwa kwa anthu ku Hungerford, ndipo New Zealand idachita chimodzimodzi mu 2019 pambuyo pa chiwembu cha ku Christchurch, n'kuletsanso zigawo zake. Ngakhale America yomweyo, imene imalola nzika yake kulandira mpope pakhomo, imafuna chilolezo cha boma kuti mpope womwewo utuluke m'dzikomo. Choncho amene tikuchita zachilendo si ife. Dongosolo la m'mavidiyo lija ndi la dziko limodzi, ndipo limathera pamalire a dziko limenelo.

Mukawerengera motero, mtengo wa pa sikirini umasiya kukhala mtengo. Sitolo yoona ya ku America siingakutumizireni mpope ku Woodlands popanda zikalata za mbali zonse ziwiri. Amene angavomere kutero ndi amene alibe dzina loti aliteteze, ndipo ndi yemweyo amene chitsulo chake simungachikhulupirire. Phukusi likagwidwa ndi a kasitomu pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda kapena pa Chirundu, ndalama zapita, mlandu wabwera, ndipo munthu amene akadatha kupempha mfuti mwa njira yoyenera wadzitsekera yekha khomo limenelo.

Wina adzati, kodi si ife amene makolo athu ankasula mfuti za gogodera kumudzi popanda fakitale kapena chidindo? Luso la manja tili nalo, pitani mukaone owotcherera zitsulo a ku Garden ndi ku Kalingalinga. Mawu amenewa ndimawalemekeza, chifukwa ndi oona. Stuart Marks, amene adakhala pakati pa Abisa a m'chigwa cha Luangwa kuyambira m'zaka za m'ma 1960, adalemba m'buku lake la 1976 lotchedwa Large Mammals and a Brave People za alenje amene ankapha njati ndi mfuti zothira wonga kukamwa, ndi mmene mfutizo zinkasamalidwira m'mabanja. Koma mfuti ya gogodera ndi mfuti yamakono n'zosiyana pa chinthu chomwecho chimene takhala tikukamba. Wonga wakuda wa gogodera umayaka ndi mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi wonga wopanda utsi umene Paul Vieille adatulukira ku France mu 1884, umene uli m'zipolopolo zonse za lero. Mfuti ya gogodera kumbuyo kwake n'kotsekeratu, ilibe chitsulo choyenda chimene chiyenera kutseka ndi kutsekula pa kuwomba kulikonse. Ndipo ngakhale zili choncho, amene adakulira kumudzi amadziwa kuti mipope ya gogodera inkaphulika, alenje n'kutaya zala ndi maso. Msiri wabwino amadziwika ndi kudziwa pamene zida zake zimalekezera. Wowotcherera geti amaona ndi maso ngati msoko wagwira, koma kulimba kwa chitsulo m'kati mwake, kaphikidwe kake m'ng'anjo ndi mng'alu wobisika sizioneka ndi maso a munthu aliyense, kaya ndi wa ku Garden kaya ndi wa ku Birmingham. A ku Birmingham adamanga nyumba yoyesera chifukwa adavomereza zimenezo. Tionjezepo kuti m'chigwa cha Luangwa momwemo nkhani ya gogodera idatenga njira ina: kuyambira mu 2003 bungwe la COMACO, limene adayambitsa Dale Lewis, lalandira mfuti zoposa 1,000 ndi misampha ya waya yambirimbiri kuchokera kwa alenje amene adasankha ulimi wa mpunga, mtedza ndi uchi.

Wina adzati, ubwino wa mfuti yogawika ndi wakuti umagula gawo lam'munsi kamodzi, kenaka n'kumasintha lakumtunda malinga ndi ntchito, lero chandamale, mawa nyama, ndipo kumeneko ndiko kupulumutsa ndalama. Ku America nzeru imeneyi imagwira chifukwa gawo lakumtunda lachiwiri ndi lachitatu salipemphera chilolezo. Kuno mpope uliwonse ndi nkhani ya chilolezo chake, ndipo zipolopolo zimagulidwa molingana ndi zimene zalembedwa pa laisensi. Komanso tifunse, ntchito yake ndi iti? Kusaka kovomerezeka mu Zambia kumayendetsedwa ndi lamulo la nyama zakutchire la 2015, pansi pa dipatimenti ya mapaki ndi nyama zakutchire, ndipo kumachitika ndi laisensi m'madera osungira nyama monga Lupande, Lumimba ndi Munyamadzi, kapena m'mafamu a nyama. Chipolopolo chodziwika cha .223 chimalemera magalamu osakwana 4. Cha .375 H&H, chimene Holland & Holland adatulutsa mu 1912 ndipo alenje a chigawo chino amachitenga ngati poyambira pa nyama zoopsa, chimalemera pafupifupi magalamu 19. Njati yamphongo imapitirira makilogalamu 500. Kuiwombera ndi kachipolopolo kakang'ono ndi kuivulaza chabe, ndipo njati yovulala siyang'ana amene adaiwombera, imagwira mayi amene akupita kudimba m'mawa wotsatira. N'chifukwa chake alenje odziwa ntchito kuno, amene moyo wawo umadalira chida chawo, amanyamula mfuti zokoka ndi dzanja za dongosolo la Mauser la 1898, lokhala ndi zigawo zochepa ndiponso losaopa fumbi la mwezi wa October. Iwo akadaona phindu m'mfuti yosinthasintha akadaitenga kalekale.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse ndi cha mantha. Munthu amene akuba adalumpha mpanda wake usiku ku Chelstone kapena ku Kabulonga samva za zidindo za ku London. Amati, achifwamba safunsa laisensi, nanga ine ndidikirirenji? Mantha amenewa ndi enieni ndipo sindikuwapeputsa. Koma taonani chida chimene chikufunidwacho ndi malo amene chikagwire ntchito. Chipolopolo cha mtundu umenewu chikaphonya chingauluke mtunda woposa makilomita 2, ndipo chitseko, zenera ndi malata sizichiimitsa. M'mafulati a ku Kabwata banja lina limagona kuseri kwa khoma lanu, ndipo m'makomboni oyandikana nafe nyumba zimachita kugundana. Mfuti yankhondo yochepetsedwa siidziwa kuti munaigulira wakuba. Kachiwiri, mfuti yopanda nambala siikhalitsa ndi amene adailumikiza. Imabedwa, imabwerekedwa, imagulitsidwa pa tsiku la mavuto, ndipo ikapezeka pamalo pamene munthu waphedwa palibe kaundula amene angasonyeze njira imene idayenda. Nambala ya pa mfuti ndi imene imateteza mwini wake wosalakwa, chifukwa akanena kupolisi kuti yabedwa pamakhala cholembedwa. Dziko lino lazunguliridwa ndi maiko amene adaona nkhondo zazitali, Mozambique, Angola ndi Congo, ndipo tikudziwa mmene mfuti za AK-47 zotsala kunkhondozo zidavutitsira anthu ndi njovu zomwe. Kuchepa kwa mfuti m'manja mwa anthu wamba ndi chuma chimene Zambia ili nacho, ndipo munthu aliyense wolowetsa mpope mozemba amachibowola, ngakhale cholinga chake chitakhala chabwino.

Patsala chotsutsa cha chilungamo, chakuti njira yovomerezeka ndi yaitali ndi yodula, ndipo imakomera eni mafamu ndi alendo obwera ndi madola. M'mawu amenewa muli choonadi, ndipo nzika ili ndi ufulu wopempha kudzera kwa aphungu ake kuti zikalata ziziyenda msanga ndiponso mosakondera. Koma wa ndalama zochepa ndi amene kulakwitsa kumamupweteka kwambiri, pakuti alibe ndalama ya loya kapena ya dokotala wa maso. Iyeyu ndiye ayenera kudziwa bwino pamene ndalama ingapulumukire. Imapulumuka posankha mfuti yathunthu, yopangidwa ndi kuyesedwa ndi fakitale imodzi, m'malo mwa zidutswa. Imapulumuka pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, pakuti ife a mu Soweto salaula sitimunyoza, ndipo mfuti yokoka ndi dzanja yosamalidwa bwino imatumikira mibadwo iwiri kapena itatu. Chofunika n'chakuti kusinthana umwini kudzere kupolisi ndi kwa wogulitsa wolembetsedwa, osati kuseri kwa kontena. Imapulumuka posiya zokongoletsa, matochi, njanji ndi zogwirira zamitundumitundu zimene mavidiyo amanyadira koma sizionjezera kanthu pa kulunjika kwa munthu. Ndipo ngati cholinga chilidi masewera, njira yotchipa ili poyera. Kuwombera chandamale kwakhala pa masewera a Olympics kuyambira 1896, ndipo lero mipikisano ya mfuti zazitali kumeneko imachitika ndi mfuti ya mpweya pa mamita 10 ndi ya .22 pa mamita 50. Palibe AR-15 pamenepo. Chipolopolo cha .22 Long Rifle, chimene chakhalapo kuyambira 1887, chimatchipa kwambiri kuposa cha mfuti zikuluzikulu, ndipo luso la kupuma, kaimidwe ndi kakokedwe ka chala limaphunziridwa ndi kuwomba kambirimbiri, kumene thumba la munthu wamba lingakwanitse ndi zipolopolo zazing'ono zokha. Ngakhale pa mfuti ya mpweya, yambani mwafunsa kupolisi ngati mtundu umene mukufunawo ukusowa chilolezo.

Ndalama imene yapulumuka motero ili ndi kopita. Ipite ku sefa yachitsulo yomangirira kukhoma, imene kiyi wake ana saudziwa, zipolopolo zikusungidwa pena. Ipite ku zoteteza makutu ndi maso, ndi kwa mphunzitsi wodziwa ntchito pa malo ovomerezeka owomberapo. Ndipo tsiku logula likafika, muli ndi chikalata cha apolisi m'manja, funsani wogulitsayo akuonetseni chiphaso chake cha malonda a mfuti, yerekezani nambala ya pa chitsulo ndi ya pa pepala chilembo ndi chilembo, werengani kukula kwa chipolopolo kumene kwadindidwa pa mpope, funafunani zidindo za kuyesedwa, ndipo ngati mfutiyo ndi yakale pemphani kuti msiri wa mfuti wovomerezeka ayeze potsekera pake ndi kuunika m'kati mwa mpope musanapereke ngwee imodzi. Wogulitsa akakana chimodzi mwa zimenezi, bwererani ndi ndalama zanu, ndipo dziwitsani apolisi a kufupi ndi kwanu.